Chifukwa chiyani pamafunika magawo awiri mwa atatu?

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji aphungu ongopitirira theka sangasinthe malamulo aakulu a dziko ngati mmene amachitira ndi malamulo wamba. Nkhaniyi anaifotokoza bwino James Buchanan ndi Gordon Tullock a ku America m'buku lawo la 1962, The Calculus of Consent. Buchanan anadzalandiranso mphoto ya Nobel mu 1986.

Mfundo yawo inali yoti wandale ndi munthu ngati tonsefe, akalowa m'boma saiwala mimba yake. Lamulo likamadutsa ndi mavoti ochepa, gulu lalikulu limapondereza laling'ono mosavuta. Koma mukafuna kuti aliyense avomere, mkangano sutha ndipo palibe chimachitika. Pa malamulo okhudza mphamvu za olamulira okhawo, Buchanan ndi Tullock ankaona kuti kuli bwino chipata chikhale chopapatiza.

Kwathu kuno tinazionera tokha. Mu Julaye 2002, Bakili Muluzi ali pampando, bilu yochotsa malire a nthawi imene pulezidenti angalamulire inapeza mavoti 125 pomwe pankafunika 128 kuti akwane magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Mpaka lero ndimathokoza kuti mavoti atatuwo anaperewera, chifukwa pakanafunika theka lokha, biluyo ikanadutsa.