Funsani Malume: Akundikaniza kutuluka ndekha ndi boti la thanga

Malume, ndine mnyamata wa zaka 26. Ndimagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu, koma kwathu ndi ku Nkhotakota. Ndinakulira m'bwato, nkhafi ndinayamba kuigwira ndisanayambe sukulu. Chaka chatha ndinalowa kalabu ina ya timaboti ta thanga kunyanja, ndipo ndimapitako mwezi ukatha ndikalandira. Vuto ndi loti sandilola kutuluka ndekha popanda mlangizi. Akuti ndiyambe ndawaonetsa kuti ndikutha. Ndiwaonetsa bwanji poti satifiketi ndilibe? Kodi kumeneku sikundiderera?
Wodandaula, Kasungu

Mphwanga, sakukuderera ayi. Kukulira kwako pagombe ndi chuma: madzi suwaopa, mtambo umatha kuuwerenga, ndipo mwera ukamadzuka miyezi ya Juni ndi Julayi umaudziwa ena asanauone. Koma bwato limapita komwe mkono wako walituma. Boti la thanga lili ndi mwini wake wina, ndiye mphepo, ndipo sililola kulunjika komwe mphepoyo ikuchokera. Ukayesa, thanga limangokupiza, boti n'kuima. Uyenera kuyenda mokhotakhota, kupatuka pafupifupi madigiri 45 mbali iyi, kenaka mbali inayo, mpaka utafika. Nkhafi sinakuphunzitse zimenezi, ndipo n'zomwe akalabu akufuna kuona: kuti mphepo ikakutengera kutali, ubwerera wekha.

Za satifiketi usade nazo nkhawa kwambiri. Makalabu ena amatsata ndondomeko ya bungwe la ku Britain lotchedwa Royal Yachting Association, ndipo pepala lomwe amakonda kufunsa ndi la Level 2, lomwe munthu amalipeza pa maphunziro a masiku awiri atadutsa kale Level 1. Koma pepala ndi umboni chabe wa zomwe maso a mlangizi anaona. Pita kwa mkulu woona za chitetezo pakalabupo, umufunse mwaulemu kuti: "Bwana, mundiyese liti, ndipo mukufuna ndikuonetseni chiyani?" Akulembere papepala. Kudandaulira kumbali sikungakutsegulire khomo.

Ndikuuziretu pomwe ambiri amagwera. Adzakuuza kuti ugubuduze boti dala pamadzi akuya, uliutse wekha. Apa ndiye pamaoneka munthu. Boti likagona cham'mbali, usalisiye, ngakhale gombe likuoneka pafupi. Boti limayandama ndipo opulumutsa amaliona patali, pomwe mutu wa munthu pakati pa mafunde suoneka. Yamba waona kuti chingwe cha thanga n'chomasuka, chifukwa ukaliutsa chili chomangika, mphepo ilidzaza n'kuthawa nalo iwe uli m'madzi. Kenaka sambira mozungulira kumbuyo utagwira chingwe, ukafike pa thabwa lija lotulukira kunsi kwa boti, lomwe amati centreboard. Likanikize ndi thupi lako lonse, pang'onopang'ono, mpaka mlongoti utavuuka. Ukatero kwera, kapa madzi, upitirize ulendo. Ineyo munthu amene sanachitepo zimenezi mobwerezabwereza, tsiku la bata ndi tsiku la mafunde lomwe, sindingamupatse boti langa, kaya anabadwira pagombe.

Chachiwiri chomwe ndimachiona ngati chachikulu ndi kutola munthu wogwera m'madzi. Adzaponya chigubu m'madzi m'malo mwa munthu, iwe utembenuke, ubwerere, uimitse boti pambali pake osachigunda. Boti la thanga lilibe mabuleki. Umaliimitsa polilozetsa chakumphepo ndi kumasula thanga, ndipo luso lomwelo ndi lomwe umakocheza nalo padoko osaswa boti la mnzako.

Zina ndi zazifupi. Kumanga thanga wekha pamtunda, mfundo zingapo monga bowline, ndi kuweramitsa mutu potembenuka mphepo ili kumbuyo, chifukwa mtanda wa m'munsi mwa thanga umadutsa mwaliwiro ndipo wavulaza anthu ambiri. Malamulo a panjira uwaloweze: maboti awiri akakumana mphepo ikuwamenya mbali zosiyana, lomwe ikulimenya kuchokera kumanzere ndilo limapatuka, ikamawamenya mbali imodzi, limapatuka lomwe lili chakumphepo. Jekete yoyandamitsa uvale nthawi zonse. Ndikudziwa kuti anyamata akunyanja mumaiona ngati ya alendo, koma mtanda uja ukakumenya m'mutu, kusambira kwako konse kulibe ntchito.

Pali mayeso ena omwe sadzakuuza kuti ndi mayeso. Tsiku lina mwera udzakhala utakwiya, nyanja yonse ili mbuu ndi thovu, ndipo mlangizi adzakufunsa ngati ukutuluka. Wayenda ulendo wonse wa msewu wa M18 kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, ndalama ya thiransipoti yapita, mtima udzafuna kuti uvomere. Ukadzati "lero ayi", adzakukhulupirira kuposa ukanatuluka n'kubwerako bwino. Uchenjerenso ndi mphepo yochokera kumtunda: pafupi ndi gombe madzi amaoneka odekha, koma ndiyo imakankhira munthu pakati pa nyanja.

Popeza umapitako kamodzi pamwezi, gula kope. Ulendo uliwonse lemba tsiku, mtundu wa boti, kaya ndi Laser kaya Mirror, momwe mphepo inalili, zomwe wachita, ndipo mlangizi asainire. Alangizi amasinthana, ndipo wa mwezi uno sadziwa zomwe unaonetsa mnzake mwezi watha. Kunyumba ku Kasungu tenga kachingwe uziyeserera mfundo madzulo ukaweruka.

Akadzakulola, mwina adzayamba n'kukuikira malire: mphepo yochepa, malo oonekera kugombe, boti lopulumutsa lili pafupi. Uvomere. Ndipo usanatuluke uziuza munthu wapamtunda komwe ukulowera ndi nthawi yomwe ubwere.

Malume