Amalume, nyenyezi yofiira ija singatiotche ayi

Amalume, mwaswera bwanji ku Nkhotakota? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'kalasi, foni inali m'chikwama. Uthenga wanu ndaumvera kawiri konse. Mukufunsa za nyenyezi yofiira imene mumaiona madzulo mukamakankhira boti m'madzi, ija yotulukira pamwamba pa nyanja chakumanzere kwa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija. Mwati mnyamata wina pa doko wakuonetsani pa Facebook kuti yatsala pang'ono kuphulika, itiotcha tonse. Mwatinso mukukumbukira chaka china inazilala mpaka munkachita kuifunafuna. Ndiyambe ndi chimenechi, chifukwa chandikhudza kwabasi.

Maso anu sanakunamizeni, amalume. Nyenyezi imeneyo dzina lake ndi Betelgeuse, dzina lochokera ku Chiarabu, ndipo inazilaladi. Zinayamba kumapeto kwa 2019, ndipo pofika February 2020 kuwala kwake kunatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akatswiri a zakuthambo dziko lonse anali kakasi, ena mpaka kumaganiza kuti basi nthawi yake yakwana. Inuyo munaona zomwezo muli pa boti, opanda makina alionse. Pofika April chaka chomwecho inayambanso kuwala bwinobwino.

Chinachitika n'chiyani? Mukudziwa nkhungu zija zimadzuka pakati pa nyanja ngati utsi, zikadutsa pakati pa inu ndi nyali ya anzanu, nyaliyo imaoneka ngati ikuthima, chonsecho ikuyaka bwinobwino. Eya, n'zimenezo. Nyenyeziyo inalavula mpweya wambiri wotentha, mpweyawo utatalikira unazizira n'kusanduka fumbi, fumbilo n'kutchinga mbali ina ya nyenyeziyo, mbali yoyang'ana kwa ife. Telesikopu ya Hubble imene ili m'mlengalenga inaona mpweyawo ukutuluka, ndipo telesikopu ina yaikulu ya ku Chile inajambula nyenyeziyo mbali imodzi itada.

Komanso ngakhale popanda fumbi, iyo sikhala chimodzimodzi. Imafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ngati chifuwa cha munthu amene ali mtulo, kungoti kupuma kwake kumodzi kumatenga masiku pafupifupi 400. Pali kusintha kwina kochedwa, kwa zaka pafupifupi 6. Si zachilendo ayi, katswiri wa zakuthambo John Herschel anazilemba kale mu 1836 ali ku Cape Town. Koma apa mumvetse bwino: kuphethira kumene mumaona ikangotuluka kumene, kuoneka ngati ikusinthasintha mitundu, kumeneko si nyenyeziyo ayi, ndi mpweya wathu womwe uno wa pamwamba pa madzi. Kusintha kwake kwenikweni kumafuna miyezi kuti mukuzindikire.

Tsono kukula kwake, amalume, apa ndi pamene ana anga m'kalasi amangoti zii. Tengani njere imodzi ya chimanga, muiike pamchenga, munene kuti ili ndi dzuwa. Dziko lathu lonseli, ndi nyanja yomwe, lingakhale kafumbi kamodzi ka ufa woyera, kali pa mtunda wa mita imodzi kuchoka pa njereyo. Ndiye Betelgeuse ingakhale chimpira cha mamita 7 kuchoka mbali iyi kufika mbali iyo, kutalika ngati boti lamatabwa la chilimira. Chimpira chozungulira, chotalika choncho mbali zonse! M'mimba mwake imaposa dzuwa pafupifupi ka 700. Itati iikidwe pamalo pa dzuwa, Mercury, Venus, dziko lathu ndi Mars zonse zingakhale m'kati mwake, zitamezedwa. Koma kulemera kwake kumaposa dzuwa ka 15 mpaka 20 kokha. Ndiye kuti yangofufuma, kunja kwakeko ndi mpweya wopyapyala kuposa umene tikupumawu.

Kufiirako musakuope. Pambaula, khala limene mwalikupizira kwambiri limawala moyera, limene layamba kuzizira limafiira. Kunja kwa nyenyezi imeneyi kumatentha madigiri pafupifupi 3,300, pamene kunja kwa dzuwa ndi 5,500. Yang'anani kumanja kwa Akamwiniatsatana, chakumtunda pang'ono, muona ina yoyera mobiriwira, Rigel. Imeneyo imapitirira madigiri 11,000. Yofiirayo ndi imene ili yozizirirako. Pamwamba pake pamabwata ngati phala pamoto, kungoti thovu limodzi lokha ndi lalikulu kuposa dzuwa lathu kutalitali.

Chimene chimandipatsa chidwi ine ndi msinkhu wake. Ili ndi zaka pafupifupi 10 miliyoni zokha, pamene dzuwa lili ndi zaka 4.6 biliyoni, koma yokalamba ndi iyoyo. Injini yaikulu imamwa petulo msanga, inu mukudziwa kuposa ine. Haidirojeni wa pakatikati pake, mpweya umene uli ngati petulo wake, inamaliza kale, n'chifukwa chake inafufuma n'kufiira chonchi.

 

Ndiye za kuphulika. Mnyamata uja sananame zonse ayi. Idzaphulikadi, mafuta akadzatheratu pakati pake padzagwera m'kati, kenako chiphuliko chimene amachitcha supernova. Koma akatswiri amati zimenezi zidzachitika nthawi ina m'kati mwa zaka 100,000 zikubwerazi. Wina aliyense wokuuzani kuti ndi mwezi wamawa kapena chaka chamawa akungofuna anthu adine vidiyo yake, ndipo zimandipweteka mtima kuti nkhani zoterezi zikufika mpaka kwa agogo n'kuwasowetsa tulo. Chonde muwauze kuti agone.

Ngakhale itaphulika usiku uno, sitingapse. Ili kutali kosaneneka. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kuchoka ku dzuwa kufika kuno kumatenga mphindi 8 zokha, koma kuchoka ku Betelgeuse kumatenga zaka pakati pa 500 ndi 700. Kuwala kumene kukufika m'maso mwanu madzulo ano kunanyamuka Jumbe asanafike ku Nkhotakota, Livingstone asanakhale pansi pa mtengo uja m'zaka za m'ma 1860, kale zedi. Chimene anthu adzaone ndi nyenyezi yowala ngati mwezi wa theka, yooneka ngakhale masana, kwa miyezi ingapo, kenako n'kuzilala. Mwina asodzi a nthawi imeneyo adzadandaula kuti usipa sukubwera bwino ku nyali monga zimakhalira mwezi ukawala. Koma moto, iyayi.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, amalume, poti inu mumakhala panyanja usiku, kopanda magetsi okusokonezani. Mitambo ikayera, dikirani Akamwiniatsatana akwere ndithu. Pakati pa iwo ndi Nsangwe pali nyenyezi ina yofiirira, Aldebaran. Nthawi zambiri Betelgeuse imaiposa kuwala, koma mu February 2020 inachepa kuposa iyo. Muziziyerekeza ziwirizo kamodzi pa sabata, muzindiuza pagulu pompano kuti yowala kwambiri ndi iti, ndizilemba m'kope pamodzi ndi ana a Fomu 3. Akamva kuti zikuchokera kwa msodzi weniweni adzachita nazo chidwi.

Moni kwa onse kunyumba. Ndikayandikira kubwera pa holide ndikuimbirani, mundisungire usipa wofutsa pang'ono.