Wapita padera, koma apongozi akuti wapha mwana

Mayi, mwalemba kuti mng'ono wanu wa ku Area 25 anapita padera mimba ili ya miyezi itatu, apongozi ake anathamangira kupolisi kukanena kuti wawaphera mdzukulu, ndipo pano ali m'chitokosi. Mukufunsa ngati umenewu ndi mlandu wakupha.

Mipingo yambiri imaphunzitsa kuti moyo umayamba mayi akangotenga pakati, ena amaona mosiyana, ndipo mkanganowu ndi waukulu moti mu 2021 aphungu anakana ngakhale kukambirana bilu yokhudza kuchotsa pakati. Koma khoti limatsata zolembedwa. Penal Code, lomwe ndi buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, imati mwana amakhala munthu woti wina angaimbidwe mlandu womupha pokhapokha atatuluka yense m'mimba ali wamoyo, kaya wapuma kapena ayi, kaya mchombo wadulidwa kapena ayi. Mlandu umene angamutsegulire mng'ono wanu ndi wa gawo 150 la bukuli, wa mayi wochotsa yekha pakati, ndipo chilango chake chimafika zaka 7. Apo boma liyenera kutsimikiza kuti anachita dala. Kupita padera si mlandu, ndipo zimandiwawa kuti achibale amafika kupolisi asanafunse n'komwe dokotala.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi sitetimenti. Ndaonapo amayi akugwa pamenepa. Munthu akutaya magazi, ali ndi mantha, wapolisi akumufunsa ngati anamwako kanthu, iye n'kuyankha kuti anamwa zitsamba m'mimba mutayamba kupweteka. Papepala palembedwa m'Chingerezi kuti anamwa mankhwala ochotsera mimba, iye n'kudinda chala osawerengeredwa. Ambiri amaganiza kuti akakanena kukhoti kuti anaopsezedwa, pepalalo litayidwa. Sizili choncho. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu ilandiridwe ngakhale mwiniwake akuti sanaipereke mwaufulu, khoti n'kumayeza pambuyo pake ngati ili yoona. Choipitsitsa ndi kuvomera pamaso pa majisitireti chifukwa wina wanong'oneza kuti "ingovomera utuluke msanga." Akatero, apilo nthawi zambiri imangokhudza kukula kwa chilango.

Sindingalonjeze kuti mlandu utha bwanji ndisanaone zimene adokotala analemba komanso ngati wasayina kale kanthu. Ngati palibe umboni wa mankhwala kapena chida, mlandu wa boma umakhala wofooka.

Pitani lero mukamuuze kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limamupatsa ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, ndipo ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Buku lake la kuchipatala musunge inuyo, apongozi asalitenge, ndipo mujambulitse masamba onse. Ngati akudwalabe, umirirani kuti apite naye kuchipatala. Mukalembetse ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, kuno ku Lilongwe, ndipo ankhoswe muwauze kuti asamukakamize kupepesa, chifukwa mawu amenewo akhoza kukatchulidwa kukhoti.