Thupi ndi lalikulu, kayaki yoyamba yowedzera ndigule iti?

Sabata yathayi ndalandira imelo ya bambo wina amene amawerenga zimene ndimalemba kunozi, akufunsa za kayaki, kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi, dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo. Ndaidulako koma mutu wake ndi uwu: "Ndili ndi zaka 44, ndimalemera makilo 128, kutalika mita 1.86. Kuwedza ndinayamba kalekale koma cha pamtunda basi, kayaki sindinakwerepo. Ndaona ina ya mamita 3 yolembedwa kuti imanyamula mapaundi 350. Kodi indikwana? Mantha anga ndi oti ndikagubuduzika anthu akuona."

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kukukhumudwitsani pang'ono, kayaki imeneyo isiyeni. Si kuti ndi yoipa ayi, kwa munthu wa makilo 75 ndi yabwinobwino, koma inu ndi ine thupi linatikonda, ine ndili pa 112, nde masamu athu ndi ena.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mapaundi 350 ndi makilo pafupifupi 159. Mukaona choncho mumati aaa, ine 128, patsala malo ambiri. Koma pamadzi simupita chimanjamanja. Pali jekete yoyandamitsa, nkhafi, ndodo za mbedza ziwiri kapena zitatu, bokosi la mbedza ndi nyambo, madzi akumwa, kulabokosi ya ayisi yoikamo nsomba, kanangula ndi chingwe chake, mwinanso batire mukadzagula kamakina koonera nsomba kaja (ndipo mudzagula ndithu, tonse tinkati sitigula). Zonsezi kufika makilo 30 si nkhani. 128 kuphatikiza 30 ndi 158. Mwafika kale pa mzere, nsomba simunagwire olo imodzi.

Ndipo nambala yolembedwayo anthu ambiri amaimva molakwika. Siikutanthauza kuti ndi katundu wotero kayaki iyenda bwino, nthawi zambiri ikungonena kuti iyandamabe basi. Owedza ambiri amayendera kalamulo koti inu ndi katundu wanu musapitirire 70 kapena 75 peresenti ya nambalayo, si lamulo la boma kapena chani, ndi nzeru za anthu amene ananyowapo. Nde mukatenga 158 n'kugawa ndi 0.7 mupeza 225 ndi pang'ono. Ndiye kuti muzifunafuna yolembedwa mapaundi 500, omwe ndi makilo 227, kupita m'mwamba. Ya 450 mungalimbe nayo ngati simunyamula zambiri, yotsika kuposa pamenepo musataye nayo nthawi.

Chinanso, makampani sawerenga mofanana. Ena nambala yawoyo amaphatikizamo kulemera kwa kayaki yeniyeniyo. A Old Town mwachitsanzo amalemba manambala awiri, yaikulu ija komanso ina yocheperapo yosonyeza zimene mungakwezemo akachotsera kulemera kwa bwatolo. Yachiwiriyo ndi imene ikukukhudzani. Wogulitsa akakupatsani nambala imodzi yokha mufunseni kuti ndi iti.

Mwina mukuti bwanji ndikulimbikira chonchi. Ndikuuzeni zanga. Kayaki yanga yoyamba inali ngati mwaionayo, yaifupi, yopepuka, wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti bwana iyi ikunyamulani popanda vuto. Inali ya mtundu wa sit-on-top, yokhala pamwamba ija, ndipo mtundu umenewu umakhala ndi mabowo pansi oti madzi akalowa ndi mafunde azituluka okha. Nditangokhala pa mpando ndinamva kuzizira kumatako, kuyang'ana pansi madzi akubwera kudzera m'mabowo omwe aja, m'malo motuluka akulowa, mpaka mapazi anamira kulekeza mu akakolo. Kilo iliyonse imene mwakweza imakankha lita imodzi ya madzi, nde bwato likakhala laling'ono limatsika mpaka kukamwa kwa mabowo aja, pomwe mwapondapo, kumakhala pansi pa madzi. Ndinagula zitsekero n'kutseka mabowo, kunyowa kunachepa, koma tsopano madzi a mafunde analibe potulukira, ndinkachita kukapa ndi kabotolo kodula. Kumbuyo kunali kotitimira, kutsogolo m'mwamba, kupalasa ngati ndikukoka chitsa. Ulendo wachitatu ndinatembenuka kuti nditenge nyambo m'kreti ya kumbuyo, mutu unangodutsa pang'ono m'mbali mwa bwato, phuvu! Ndodo imodzi inapita mpaka lero.

Apa ndi pomwe pali yankho la mantha anu aja. Kayaki siigubuduzika chifukwa choti munthu ndi wonenepa, imagubuduzika mutu ndi mapewa zikatuluka kunja kwa bwato, kungoti ife a matupi akuluakulu kulemera kwambiri kuli m'mwamba, pachifuwa ndi pamimba, nde tikapendekeka pang'ono bwato limamva msanga. Mutu uzikhala pakati nthawi zonse, chiuno chizimasuka kuti bwato lizigwedezeka lokha pansi panu. Mukafuna chinthu cha kumbuyo tembenukani thupi lonse miyendo ilendewere m'madzi mbali imodzi, kenako tengani. Zikumveka zachibwana koma zimathandiza.

Za mtundu sindichulutsa gaga m'diwa, tengani sit-on-top. Yolowa mkati ija, imene miyendo imabisika, inachokera ku makayaki a anthu a mtundu wa Inuit a kumadera ozizira kwambiri a kumpoto ndipo ndi yabwino pa ntchito yake, koma munthu wa ntchafu zathuzi kulowa ndi kutuluka pa kabowo kaja ndi chintchito, ndipo ikatembenuzika imadzadza madzi, kukweramonso muli pakati pa madzi ndi zovuta zedi kwa woyamba kumene.

M'lifupi yang'anani ya mainchesi 33 mpaka 36, kapena kuti masentimita 84 mpaka 91. M'litali mafiti 12 kapena 13, ndiye kuti mamita 3.7 mpaka 4. Anthu amathamangira m'lifupi mokha poganiza kuti yotambalala kwambiri ndiye yabwino, kuiwala kuti kutalika nakonso kumanyamula katundu ndipo kumapangitsa kayaki kuyenda mowongoka. Ya mamita 3 ija mukapalasa kumanja mphuno imathawira kumanzere, mukapalasa kumanzere imathawira kumanja, tsiku lonse zigizagi. Koma yotambalala mopitirira nayonso ili ndi msonkho wake, mphepo ikakutembenukirani pobwerera mudzaidziwa bwino, imakhala ngati mukupalasa chitseko.

Ndikupatseni zitsanzo ziwiri kuti muone kukula kumene ndikunena, osati kuti mugule zimenezi, sindigulitsa kanthu ine. Old Town Sportsman 120 ndi ya mafiti 12, nambala yake yaikulu ndi mapaundi 500. Hobie Pro Angler 14 ndi chimphona, mainchesi 38 m'lifupi, imanyamula mapaundi 600 omwe ndi makilo 272, munthu amatha kuimirira n'kumaponya mbedza. Koma yokhayo yopanda katundu wanu imapitirira makilo 50. Nde dzifunseni, ndani azikunyamulitsani?

Funso limeneli anthu amaliseka koma makayaki ambiri abwinobwino angokhala pakhomo akuchita fumbi chifukwa cha ilo. Kayaki yokwana munthu wa saizi yanu kawirikawiri imalemera makilo 35 kupita m'mwamba, ndipo makilo 35 otalika mamita 4 si ofanana ndi thumba la makilo 35, alibe pogwira pabwino, mphepo ikawomba amakuzunguzani. Ngati muziikweza padenga la galimoto onani kaye m'buku la galimotoyo kuti denga limaloledwa makilo angati. Gulaninso kangolo ka matayala awiri kokokera, koma pewani kaja kolowetsa zitsulo m'mabowo otulutsa madzi pokhapokha opanga kayakiyo atanena okha kuti palibe vuto, chifukwa pamabowo paja ndi pamene pulasitiki imakonda kung'aluka.

Tsopano mpando. Ine ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, ndikanayamba kuyang'ana mpando ndisanayang'ane china chilichonse. Makayaki otchipa mpando wake ndi kadzenje kowumbidwa mu pulasitiki momwemo, kanapangidwira matako a munthu wochepa, pakatha ola limodzi miyendo yachita dzanzi msana ukuwotcha. Funani wa felemu ya chitsulo wokhala ndi nsalu yolukidwa, wonga wa pakhonde uja, ndipo mukhalepo ndithu musanapereke ndalama, osachita manyazi. Imvani ngati zitsulo za m'mbali sizikukudinda m'chiuno, funsani ngati mpandowo uli ndi malire akeake a kulemera chifukwa ina imakhala nawo osiyana ndi a bwato, tambasulani miyendo muone ngati popondera pakufika, pa 1.86 ena amakhala aafupi maondo n'kumagunda pachifuwa. Mipando yambiri imakwezeka ndi kutsitsika. Miyezi yoyambirira ikani pansi. Pamwamba m'pokoma, mumaona patali ndipo kudzuka sikuvuta, koma mukakwera masentimita ochepa okha bwato limayamba kunjenjemera.

Mwina mwaonanso zopalasa ndi miyendo. A Hobie anabweretsa MirageDrive yawo mu 1997 ndipo pano makampani ambiri ali ndi zawo, zina zopalasa ngati njinga. N'zabwino, manja amakhala pa ndodo. Koma zimawonjezera kulemera ndi ndalama, ndipo kwa ife a mimba zathu maondo akamabwerera amakumana ndi mimba ngati mpando sunasunthidwe bwino. Kwa kayaki yoyamba ine ndingati yambani ndi nkhafi, ndi maganizo anga chabe, ena akuuzani zina. Nkhafi yake ikhale yaitali, masentimita 250 kapena 260, chifukwa yaifupi pa bwato lotambalala muzingomenya zala m'mbali.

Jekete yoyandamitsa musatenge iliyonse. Saizi yake amayeza ndi chifuwa osati sikelo, nde dziyezeni ndi tepi pamene pali potambalala kwambiri. Vuto lathu ndi loti mimba imaikankhira m'mwamba, mukagwa m'madzi jekete ili m'makutu. Poyesa mangani malamba kuyambira a m'munsi, wina akoke m'mapewa, ikakwera kufika kuchibwano si yanu. Zilipo zopangidwira owedza, kumsana thovu lake lili m'mwamba mokha kuti lisamagundane ndi mpando. Ndipo muzivala, osati kuikhalira.

Chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi achimwene. Inu mukuopa kugwa anthu akuona, ine ndikuopa kuti mugwe popanda wokuonani n'kulephera kukweranso. Kugwa mudzagwa, aliyense amagwa. Kukoka makilo 128 onyowa kuchoka m'madzi kukwera pa bwato loterera ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe kayaki yaing'ono imakukanani, mukaigwira m'mbali imangotembenuzikanso kukuvindikirani. Nde tsiku loyamba ndodo musiye kunyumba. Pitani ndi mnzanu pamalo odekha, madzi olekeza m'chifuwa, dzigwetseni dala. Kenako sunthirani pamene mapazi sakufika pansi muyesenso. Kakweredwe kake, mumagwira chogwirira cha mbali ya kutali, miyendo muisiye iyandame kumbuyo ngati mukusambira osati kulendewera pansi, menyani madzi ndi miyendo n'kudzikoka mpaka mchombo ufike pakati pa bwato, pumani kaye pamenepo chafufumimba, kenako gubudukani matako agwere pa mpando, miyendo pomaliza. Ine ulendo woyamba zinanditengera maulendo 6 ndipo matumba a jekete ankakola m'mphepete, ndinachita kuchotsamo zonse. Zikakanika mangani kachingwe kokhala ndi popondera phazi, kamathandiza kwambiri. Ngati madzi a kwanuko ndi ozizira samalani kawiri, madzi ozizira amabanikitsa munthu akangogweramo ndipo manja amafooka msanga, valani molingana ndi madziwo osati dzuwa.

Mukapeza ya sekondihandi musaope, pulasitiki ya makayakiwa ndi yolimba ndipo mikwingwirima ya pansi si vuto. Itembenuzeni muone kumchira kumene imakhulika poikoka ngati sikunapyapyale, unikani ndi tochi m'mabowo muja kufuna ming'alu, dinikizani ndi chala, ngati mtundu unafwifwa ndipo pulasitiki ikuoneka youma ndiye kuti inakhalitsa padzuwa. Pansi pakakhala pophwanyika mkati ngati chitini chopondedwa, inamangidwa mothina kapena kugonekedwa poipa nthawi yaitali, pena zimabwerera ikatenthedwa ndi dzuwa pena ayi. Ndipo kaya yatsopano kaya yakale, ngati pali mwayi woiyesa pamadzi yesani, mutenge ndi zigubu za madzi zokwana malita 30 muike kumbuyo m'malo mwa katundu uja, mukhale pansi muyang'ane m'mabowo. Timadzi tikamangosuzumira m'munsi palibe vuto. Akafika pa mapazi bwezani.

Simunandiuze kuti muziwedza pa madzi otani, pa damu lodekha, mu mtsinje wothamanga kapena panyanja ya mafunde, komanso kuti muziinyamula pa chiyani. Ndilembereninso zimenezo pamodzi ndi muyezo wa chifuwa uja, chifukwa ngati ndi mumtsinje pali nkhani ya nangula imene tiyenera kukambirana musanamuponye m'madzi.