Nitrox kapena mpweya wamba, ndalama za kachewere zipite kuti?

Funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata wa ku Bembeke, ndalidula pang'ono:

"Akulu, kwathu ndi ku Bembeke koma zaka zitatu tsopano ndili ku Cape Maclear, ndimaperekeza alendo pansi pa nyanja, pepala la divemaster, lotsogolera odaiva, ndili nalo. Nyengo ya alendo ndimadaiva katatu mwina kanayi pa tsiku. Ine ndi akulu anga omwe amalima kachewere kumudzi tikufuna kuyamba kageni kathukathu, kompuresa yopopera mpweya m'masilinda yogwiritsidwapo kale ntchito tapeza. Ndie alendo ena amafunsa nitrox, akuti umakhalitsa pansi komanso sutopa. Akulu angawo akuti titenge ngongole tigule zipangizo zosakanizira. Tipange zimenezo kapena tizingopopa mpweya wamba? Komanso Loweruka lililonse ndikatuluka m'madzi ndimakwera ulendo wa kumudzi kukaona banja."

Achimwene, ine ntchito yanga ndi kuwerengera anthu mpamba ndi phindu, kunyanja ndimathera m'chiuno, koma funso lanuli ndi masamu basi ndie tiyeni tiwerenge limodzi. Yankho langa ndi loti ngongole ya makina osakanizira musatenge panopa. Koma kosi ya nitrox inuyo panokha kachiteni.

Kwa omwe sakuzidziwa, mpweya tikupumawu uli ndi okosijeni 21 pa 100, wotsalayo pafupifupi yense ndi naitrojeni. Munthu akapita pansi pa madzi naitrojeni uja amalowerera m'magazi ndi m'minofu chifukwa cha kupanikiza kwa madzi, ndipo akakhalitsa kapena akakwera mothamanga amatuluka ngati thovu m'thupi momwemo. Mukudziwa botolo la thobwa lomwe lagona masiku awiri ukalitsegula mwadzidzidzi, eya zomwezo koma zikuchitika m'mawondo, m'mapewa, penanso mu msana mpaka munthu kufa ziwalo. Nitrox ndi mpweya womwewo koma awonjezeramo okosijeni kufika 32 kapena 36 pa 100, ndie naitrojeni wachepa, thupi limachedwa kudzadza. Pa matebulo a nthawi yololedwa kukhala pansi a PADI, bungwe lophunzitsa kudaiva, pa mamita 18 mpweya wamba umakupatsa mphindi 56, nitrox ya 32 imakupatsa 95, ya 36 mpaka 125. Pa mamita 30 ndi mphindi 20 pa wamba, 30 pa nitrox ya 32. Awa ndi manambala a kunyanja ya mchere, yathuyi ili pamwamba pafupifupi mamita 470 ndie nthawi imacheperako, kompyuta ya padzanja yowerengera nthawiyi muziitchera bwino.

Manambala amenewa ndi omwe akopa akulu anu, ndipo sindikuwanena, ndi okoma m'maso. Koma funso la geni ndi lakuti kasitomala wanu mphindi zowonjezerazo azigwiritsa ntchito? Tiyerekeze silinda ya malita 12 mwaipopa 200 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), muli malita 2,400 a mpweya, muchotsepo 50 bar yosiya ya chitetezo atsala 1,800. Mlendo wongoyamba kumene wamantha uja tinene amapuma malita 20 pa mphindi ali kumtunda, pa mamita 18 amadya pafupifupi katatu kake, malita 56. Gawani muone, mphindi 32 zokha silinda yatha, akukukodolani kuti tikwere. Ngakhale 56 za mpweya wamba zija sanazifike ndie 95 azitani? Nitrox siichulukitsa mpweya mu silinda, amene amapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo apumabe choncho. Muli ngati munthu wogula bandulo ya mwezi pa foni yomwe batire lake limatha pofika masana.

Ndie muganizenso kuti alendo anu amabwera kudzaona chani. Mbuna, nsomba zija za buluu ndi zachikasu, zimakonda m'miyala mosaya, ku Otter Point, ku Thumbi, ku Domwe, anthu amaziona ngakhale ndi galasi ndi kapaipi chabe. Wongolawa tsiku limodzi sapyola mamita 12, ndipo pa mamita 12 tebulo la mpweya wamba limapereka mphindi 147, palibe amene amafikako, amayamba wazizidwa kaye. Wa pepala loyambira la Open Water amathera pa 18. Otsala ndi aja ozolowera, a pepala lotsatira la Advanced, omwe amafuna madaivi atatu anayi pa tsiku apakati pa mamita 18 ndi 30 kwa masiku angapo motsatizana, amenewo nde nitrox imawathandizadi chifukwa naitrojeni wa daivi ya m'mawa amakhala asanathe m'thupi pomwe akulowa yachiwiri, nthawi yololedwa imanka ichepa, pofika yachitatu mpweya wamba umakuthamangitsa silinda ikadali ndi zambiri. Koma oterowo mumalandira angati pa chaka? Osandiyankha za m'mutu. Tengani kope la masamu, chaka chino chonse aliyense wofunsa nitrox mulembe, mulembenso ngati ali ndi khadi lake la nitrox poti wopanda khadi simungamupatse, ndipo mulembe ngati anachokadi kupita kwina chifukwa mulibe. Ambiri amangofunsa ngati momwe timafunsira mtengo wa nsapato pa msika wa Lizulu, ndalama ya tomato yokha ili m'thumba.

Mbali ya zolowa ndi imeneyo, ya zotuluka nde yowawa. Kusakaniza kumafuna okosijeni weniweni wa m'masilinda akuluakulu, wochokera ku makampani a gasi ku Lilongwe kapena Blantyre, thiransipoti yake yanu, dipoziti ya silinda yanu. Njira yothira okosijeni yekha kaye mu silinda kenako nkuonjezera mpweya imafuna masilinda ndi mavavu otsukidwa mwapadera, opanda kadontho ka oilo, chifukwa okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi mafuta ndi moto basi, ndipo kompuresa yakale mwapezayo ndikukayika ngati mpweya wake uli woyera kufika pamenepo. Makina ena aja osefa naitrojeni safuna kugula okosijeni koma mtengo wake ndi wa galimoto, amadyanso magetsi, magetsi athu omwewa. Wosakanizayo afunikanso kosi yakeyake. Zonsezi zimagulidwa ndi madola kapena marandi, ndipo mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 pa 100 usiku umodzi, omwe anali ndi ngongole za katundu wakunja anaona zakuda. Ngongole ilibe nyengo, imafuna yake mwezi ndi mwezi, pomwe alendo ali ndi nyengo, nthawi ya mvula amachepa, June ndi July mwera ukavuta boti limagona pa mchenga. Mwezi woterowo wobweza adzakhala ndani? Kachewere wa akulu anu. Feteleza wa ku Bembeke adzathera mu silinda za nitrox za chikasu ndi zobiriwira zomwe zangokhala pakona, ndipo ubale umatha ndi zinthu ngati zimenezi, ndaonapo ndithu.

Zoti sutopa, ambiri amanena koma kafukufuku sanazitsimikize, ndie musazilembe pa chikwangwani. Ndipo pali chinthu china chomwe alendo ena amachimva mozondoka, amaganiza nitrox ndi ya kupita pansi kwambiri. Ayi, imakuletsa kupita pansi. Okosijeni akachuluka pakuya amagwetsa munthu ngati khunyu, chopumira nkuchoka mkamwa, pansi pa madzi. Malire a ya 32 ndi pafupifupi mamita 33, a ya 36 ndi 28 kapena 29. Nchifukwa chake silinda iliyonse wodaivayo amayeza yekha ndi kachipangizo koyezera okosijeni, nkulemba nambala pa tepi, nkusayina m'buku. Kachipangizo komweko sensa yake imatha mphamvu, imafuna kusintha, madolanso.

Tsono munthu mmodzi amene nitrox ingamupindulire kwambiri pa geni yanuyo ndinu. Mlendo amadaiva masiku atatu nkukwera ndege, inu mumatsala, katatu kanayi pa tsiku miyezi yathunthu, thupi ndi lomwelo. Kosi yake ndi ya tsiku limodzi kapena awiri, siyofanana nkomwe ndi mtengo wa makina, ndipo pepalalo limakuthandizani ngakhale kukafuna ntchito ku Zanzibar kapena ku Tofo. Mukapeza kogula silinda yodzadza kale, tsiku la madaivi ambiri muzipuma nitrox koma muzikwera limodzi ndi alendo anu a mpweya wamba, mphindi zotsalazo osazidya, zikhale zosungira thupi. Kudya zonse mpaka malire ndie kuti chitetezo chowonjezera chija palibe, mwangosintha nambala. Mlendo wakhadi akaumirira, kamugulireni kwa omwe ali ndi makina ngati alipo pafupi, muikepo kanu pang'ono, mpamba wanu osamangika. Ndalama yomwe ilipo iyambe yapita ku mafiluta a kompuresa ndi seveisi yake, paipi yokokera mpweya ikhale kutali ndi utsi wa injini, kompyuta ya padzanja yabwino, inshuwalansi ya madaiva ngati ya DAN (bungwe loona za chitetezo cha madaiva), ndi silinda ya okosijeni wa pangozi m'botimo. Imeneyo yokha nde okosijeni amene ndikuti gulani ngakhale mawa, musanagule ndi penti ya boti yomwe.

Koma chomwe chandikhalitsa pansi m'kalata mwanu ndi mzere womaliza uja, munaulemba ngati moni chabe. Mukuti Loweruka mukatuluka m'madzi mumakwera ulendo wa kumudzi. Achimwene, kuchoka kunyanja kudzera Golomoti nkukwera Khwekhwerere mpaka ku M1, mwachoka pa mamita 470 mwafika cha m'ma 1,600 komwe kuli Dedza boma, maola ochepa okha. Tsiku lina muyese, mumwe madzi a m'botolo la pulasitiki pa Golomoti, mulitseke bwino lopanda kanthu, mukafika pamwamba mulifinye muone kulimba kwake, mukalitsegula limachita kuti psii. Makutu omwe amatseka m'makhotakhota muja, mesa mumamva? Thupi lodzadza naitrojeni wa madaivi anayi likukwera phiri lomwelo. Malangizo a DAN okhudza kukwera ndege amati udikire maola 12 pambuyo pa daivi imodzi, ndi maola osachepera 18 ngati wadaiva kangapo kapena masiku otsatizana, ndipo amakhudza kukwera kulikonse kopyola pafupifupi mamita 600, kaya ndi ndege kaya ndi minibasi kaya kabaza wa njinga yamoto. Nitrox siichotsa lamulo limeneli. Chipinda chochizira matenda a thovuwa sichipezeka pa chipatala wamba, ndipo kuwawa kwa phewa kukakuyambani usiku ku Bembeke anthu adzayamba ndi kukuthowani ndi madzi otentha.

Ndie alamu auzeni kuti muzifika Lamulungu masana, kapena Loweruka lonse musalowe m'madzi, musankhe chomwe chikuluzitsani ndalama zochepa. Alendo anu omwe amati akatuluka m'madzi athamangire ku Dedza kukagula mbale zadothi kapena kukaona zojambula za m'mapanga ku Chongoni muziwauzanso chimodzimodzi, agone kaye kunyanja, ngati kuyenda kwawavuta akathere pa Mua pansi pa phiri. Kope lija likadzadza chaka chamawa munditumizire, tidzawerengenso ndi akulu anu ali pomwepo.