Mitchell 300 yogula pa kaunjika ku England: ndiisunge kapena ndikawedzere?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wokhala ku Leeds. Funso lake linali lokhudza reel, chipangizo chokulungira chingwe pa ndodo yowedzera nsomba, ndipo linali lotere: "Ndagula reel yakuda pa car boot sale ndi mapaundi 8. Pambali palembedwa Mitchell 300, kuphazi kwake Made in France. Handulo ikulimba pozunguza, ndipo kawaya kogwira chingwe sikakubwerera bwino. Mnzanga akuti ndisaikhudze chifukwa ndi yakale, idzakwera mtengo. Ndimumvere kapena ndiikonze? Nanga ndingapite nayo kumudzi kukawedzera kunyanja?"

Achimwene, itseguleni, muitsuke, mukawedzere. Mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma pamenepa waphonya. Mitchell 300 zinapangidwa mamiliyoni ambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake mwaipeza pa mapaundi 8. Osonkhanitsa mareel akale amalimbirana zina: zoyambirira zenizeni zokhala ndi kawaya katheka, zopanda nambala pambali, kapena zimene zidakali m'bokosi lake pamodzi ndi mapepala. Yanuyo, poti yalembedwa kale 300, ndi ya m'gulu la zambirimbiri zija. Ngakhale mutaisunga m'kabati zaka makumi awiri simudzagulira njinga. Koma m'manja mwanu, m'mbali mwa madzi, ndi chida chodalirika kwambiri.

Musanagwire sikuludiraiva, dziwani kaye chimene mwagula. Reel imeneyi inachokera ku Cluses, tauni ya m'mapiri a ku France m'chigwa cha mtsinje wa Arve, komwe anthu ankadziwika ndi ntchito yopanga mawotchi ndi tizitsulo tating'onoting'ono. Kampani ya Carpano & Pons ndiyo inkaipanga kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo mmisiri amene anaikonza anali Maurice Jacquemin. Mukachotsa chivundikiro mudzaona nokha dzanja la anthu a mawotchi: magiya asanu ndi atatu olumana bwinobwino m'kathupi kakang'ono, popanda ball bearing ngakhale imodzi. Nzeru ya reel yoti spool, pomwe chingwe chimakulungidwa, siizungulira poponya inalipo kale, ndipo Alfred Holden Illingworth wa ku Bradford, pafupi ndi kwanuko, analembetsa reel yotero mu 1905. Koma Mitchell ndi imene inafikitsa kawedzedwe kameneka kwa munthu wamba, makamaka kampani ya Garcia itayamba kuigulitsa ku America.

Handulo yolimbayo isakudetseni nkhawa. Pafupifupi nthawi zonse vuto ndi girizi wakale amene wauma n'kukhala ngati phula. Yalani nsalu yoyera patebulo, ikani foni pafupi, ndipo jambulani chithunzi nthawi iliyonse musanachotse kanthu. Dinani kabatani ka pakati pa spool, ichoka yokha. Handulo imamasuka mukaizunguza chobwerera. Kenako masulani timasikuluwu titatu ta chivundikiro cha pambali. Sikuludiraiva ikhale yokwana ndendende pa mzere wa sikuluwu, chifukwa yaing'ono imadya mutu ndi kukala penti.

Tsopano apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse bwino. M'kati muli timawashala topyapyala ngati pepala, azungu amati shim. Tina timakhala kuseri kwa giya yaikulu, tina pansi pa mutu wozungulira umene umanyamula kawaya kogwira chingwe kaja. Sitinaikidwe mwangozi. Ku fakitale ankayeza reel iliyonse payokha, n'kuika timawashala tokwanira kuti mano a magiya alumane osathina komanso osakhwepa. Choncho chiwerengero cha m'reel yanu chikhoza kusiyana ndi cha m'reel ya munthu wina, ngakhale zonse zili Mitchell 300. Timamatirira ku girizi wakale, ndipo munthu amatha kutitaya pamodzi ndi sanza yopukutira osadziwa. Zinandichitikira pa reel yoyamba imene ndinatsegula. Nditaibwezera inkalira ngati chigayo, ndipo ndinatha masiku awiri ndikuganiza kuti ndathyola giya, mpaka ndinakapeza kawashala kamodzi katakanirira pa nsalu. Nditakabwezera pamalo pake phokoso linatheratu. Kuyambira tsiku limenelo ndimaika kalikonse m'kambale kakekake, motsatana ndi mmene ndachotsera.

Zitsulo zonse zinyikeni m'palafini kwa kanthawi, muzikweche ndi mswachi wakale, muziumitse. Spool ndi china chilichonse cha pulasitiki musachinyike, madzi ofunda ndi sopo akwana. Pobwezera musadzaze girizi ngati mukupaka habu ya njinga. Pakani pang'ono pa mano a magiya ndi pa kachitsulo kotsetsereka kamene kamakankha spool kutsogolo ndi kumbuyo. Pa shafiti ndi pa handulo dontho limodzi la oyilo wa makina osokera ndi lokwanira. Girizi wambiri amabweretsanso kulemera komwe mumathawa kuja.

Za kawaya kaja, kamene amati bail, ambiri amathamangira kunena kuti sipuling'i yatha. Nthawi zina n'zoona, ndipo masipuling'i ake amapezeka pa msika wa pa intaneti wa eBay motchipa, moti ndi bwino kugula awiri. Koma yambani mwaona zinthu ziwiri. Choyamba ndi litsiro pa mfundo zonse ziwiri pomwe kawayako kamazungulirira. Chachiwiri ndi kupindika. Masulani sikuluwu ya mbali imene kulibe sipuling'i, muone ngati bowo la kawayako likuyang'anizana lokha ndi bowo la pa mutu. Ngati mukufunika kukakoka kuti kafike, ndiye kuti kanapindika, mwina reel inagwapo. Kawongoleni ndi zala pang'onopang'ono mpaka kakhale pamalo popanda kukakamiza. Mareel ambiri amene eni ake anawataya mtima amachira ndi zimenezi zokha. Ndipo mukayamba kuwedza, musatseke bail ndi dzanja monga timachitira ndi mareel a masiku ano. Ya Mitchell 300 imatsekeka mukazunguza handulo. Kuikankha ndi kumene kumaipinda.

Penti yokalikakalika isiyeni choncho. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuipopera yatsopano kuti iwale, koma penti ya m'chitini siigwira ngati ya ku fakitale, ndipo mabala amenewo ndi a munthu amene anawedzera reel imeneyi inu musanabadwe. Ine ndimawalemekeza.

Tibwere pa chingwe, pakuti ambiri amalakwitsa pomwepa n'kuyamba kunyoza reel. Ikani chingwe cha nayiloni, cha mphamvu yopirira kulemera kwa mapaundi (lb) 6 mpaka 10. Chingwe choluka chija chotchedwa braid chisiyeni. Pa Mitchell 300 yakale, malo amene chingwe chimadutsa pa bail sazungulira, chingwe chimangokhula pa chitsulo, ndipo reel imeneyi inapangidwa poganizira nayiloni amene amatamuka. Yendetsani chikhadabo pa malo amenewo. Mukamva kamzere kokumbika, sinthani kachitsuloko, apo ayi kazidzakudulirani chingwe nsomba ili kukamwa. Dziwaninso kuti mutu wa Mitchell 300 umazungulira mosemphana ndi mareel ambiri. Pokulunga chingwe chatsopano, zunguzani kakhumi, muime, mulekerere chingwe. Chikapotana, tembenuzani chogudubuza chimene chingwe chikuchokera, mupitirize.

Sindikubisirani zofooka zake. Ndi yochedwa: mukazunguza handulo kamodzi mutu umazungulira pafupifupi kanayi basi, pamene mareel ambiri a lero amafika kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Amene ankafuna liwiro ankagula Mitchell 410, ya buluu ija. Buleki yake, imene amati drag, ndi yaing'ono ndipo imagwira modukizadukiza ikakhala yauve. Pa kusalala, ABU Cardinal za ku Svängsta ku Sweden ndi DAM Quick za ku Germany zimaiposa, ndipo mukadzazipeza pa mtengo wabwino musazisiye. Komabe pa kuphweka kokonza ndi kupezeka kwa zipangizo, palibe yofanana ndi Mitchell 300. Nsomba yaikulu ikagwira, awedzi akale a ku England ankachotsa loko woletsa handulo kubwerera, n'kumapereka chingwe pozunguza chambuyo. Yeserani zimenezi, mudzaona kuti simukudaliranso buleki.

Kumene muliko, mitsinje ndi ngalande za ku Yorkshire zili ndi perch, roach ndi chub, nsomba zoyenerana ndi reel imeneyi. Gulani kaye laisensi yowedzera ya Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo kumbukirani kuti m'mitsinje ya ku England saloleza kuwedza nsomba zimenezi kuyambira pa 15 March mpaka pa 15 June. Malo ambiri ali ndi makalabu ake, ndiye funsani za tikiti musanaponye mbedza.

Kumudzi pitani nayo ndithu. Madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere, choncho dzimbiri si nkhani yaikulu. Mdani ndi mchenga. Pansi pa mutu wozungulira pali mpata, ndipo mchenga ukalowamo umadya magiya msanga. Musaigoneke pansi pa gombe, ikani ndodo pa mwala kapena pa chikwama. Mcheni umathamangira kanyambo kachitsulo konyezimira, ndipo reel yanu ingathe ntchito imeneyo bwinobwino. Mlamba wapakatikati nawonso ingaukoke. Kampango wamkulu wa m'madzi akuya ndiye ayi, mufunika chida cholemererapo.

Ponyamuka tengani sipuling'i ya bail yapadera, kabotolo ka oyilo, ndi spool yachiwiri ngati mungaipeze, chifukwa Mitchell inkabwera ndi ziwiri, yakuya ndi yosaya. Mukatsegula chivundikiro chija, ndijambulireni m'katimo musanachotse giya iliyonse, munditumizire, tiwerengere limodzi timawashala tanu.