Vani sidziwa kuti munakulira ku Nchalo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena okhala ku Leicester, mzinda wa ku England. Agula vani yakale yomwe kale inkanyamula katundu, aikamo bedi ndi kasitovu ka gasi, ndipo mu Julayi akufuna atenge tchuthi cha milungu itatu akatchove njinga m'nkhalango za ku Wales, kenako awoloke nyanja mpaka kumapiri a ku France. Akazi awo akukana, akuti nyengo imeneyo kumatentha moopsa masiku ano. Funso lawo linali lakuti: "Ine ndinakulira ku Nchalo. Dzuwa la kuno lingandiuze chiyani? Kodi mayiwa sakungochita mantha?"

Achimwene, safunsa anadya phula, ndiye mwachita bwino kulemba. Koma yankho silikukomerani kwenikweni. Ulendowo pitani, nanenso ndimakhala m'vani miyezi yotentha ndipo sindinasiye. Kungoti pa mlandu uwu alamu akunena zoona, ndipo ndikudziwa chifukwa mawu anu omwewo ndinawayankhulapo ine ndi pakamwa panga.

Munali mu Julayi 2022. A Met Office, nthambi yoona zanyengo ku Britain, anatulutsa chenjezo lofiira la kutentha kwa nthawi yoyamba, la madera ena a England, ndipo ine, mwana wa ku Salima, ndinangoseka. Ndinali ku Wales, kufupi ndi tauni ya Dolgellau, ndikutchova m'nkhalango ya Coed y Brenin. Pa 18 Julayi ku Hawarden kunafika madigiri 37.1, mlingo umene Wales anali asanauonepo, ndipo mawa lake ku Coningsby, ku England, kunagunda 40.3. Ndinati zimenezi kwathu ndi Okutobala wamba, ana amasewera mpira osavala nsapato. Vani ndinaiimika pamtetete kuti sola ya padenga idye dzuwa bwino, n'kutseka mawindo onse poopa akuba, ine ulendo m'nkhalango.

Nditabwerako cha m'ma 2 koloko, chogwirira chitseko chinandiwotcha m'manja. Majarini anali atasanduka mafuta n'kuyenderera m'kabati, kandulo yomwe ndimasungira tsiku lakutha batire itapindika ngati nthochi. Koma zimenezo zinali zoseketsa chabe. Chimene chinandigwetsa ndi usiku. Kwathu dzuwa likalowa cha m'ma 6, nthaka imakhala ndi maola pafupifupi 12 oti ipume. Ku Wales mu Julayi limalowa 9 koloko itadutsa ndipo cha m'ma 5 latuluka kale. Matiresi, matabwa, zovala, madzi a m'chigubu, zonse zinali zitamwa kutentha tsiku lonse ndipo zinkakulavula pang'onopang'ono usiku wonse. Zotchingira kuzizira zomwe ndinamata m'makoma, zimene ndinkanyadira mu Januwale, zinkangosunga chifundizi chonsecho mkati. Ndinagona ngati maola awiri.

M'mawa ndinadzuka mochedwa, ndinatchova dzuwa litakwera kale, ndipo cha m'ma 11 ndinagwa pamwala umene ndinali nditaudutsapo kambirimbiri. Sindinavulale kwambiri, chigongono chokha. Koma nditakhala pansi ndinazindikira kuti mutu ukugunda, nseru ili pakhosi, ndipo thupi lachita tsembwe ngati ndili ku Dedza mu Juni pomwe dzuwa likuswa mtengo. Ndinakankha njinga mpaka kukamtsinje, ndinanyowetsa malaya n'kukhala pamthunzi pafupifupi ola lathunthu ndisanayambe kuganiza bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya Salima ndinasiya kuitchula.

Kupirira kutentha si chinthu chobadwa nacho ngati mtundu wa magazi. Thupi limachita kuphunzira: limayamba kutuluka thukuta msanga, limachulukitsa madzi a m'magazi, limachepetsa mchere wotayika m'thukuta. Maphunziro amenewa amatenga sabata imodzi kapena ziwiri mukugwira ntchito pamalo otentha, ndipo mukachoka pamalopo amafufutika m'milungu yochepa. Inu mwati mwakhala ku Leicester zaka zambiri. Thupi lanu ndi la ku Leicester tsopano, la Nchalo latsala m'nkhani zokamba pamowa. Ndiponso kumbukirani bwino mmene anthu a ku Chigwa cha Shire amakhalira ndi dzuwa lawolo. Kumunda amalawirira mbandakucha, pofika 10 koloko makasu ali paphewa. Akabaza masana mumawapeza atatsamira njinga pansi pa mtengo. Usiku anthu amatulutsa mphasa pabwalo. Palibe wanzeru amene amakwera chitunda pa njinga masana a Okutobala atavala chisoti ndi zotchinga maondo, kenako n'kukagona m'kontena yotseka. Chimene munatenga ku Nchalo chothandiza ndi ndondomeko ya tsiku imeneyo, osati khungu.

Ndiye tiyambe ndi vaniyo, poti ndi imene ingakupwetekeni kuposa njinga. Ndi nyumba yamalata yopanda siling'i, yokhala ndi galasi lalikulu kutsogolo. A RSPCA, bungwe loteteza nyama, pochenjeza anthu osiya agalu m'galimoto, amanena kuti kunja kukakhala madigiri 22 okha, mkati mutha kufika 47 pasanathe ola. Ganizirani nokha kunja kukakhala 35. Ntchito yanu yaikulu tsiku lililonse ndi kuletsa kutentha kulowa, chifukwa kukalowa simukutulutsa msanga. Poimika musayang'ane pamene mthunzi uli panopa, yang'anani pamene udzakhale kuyambira 1 koloko mpaka madzulo, kutanthauza kuti mitengo kapena phiri zikhale kummwera chakumadzulo kwa vani. Galasi lakutsogolo liphimbeni ndi chonyezimira chakunja. Chamkati chimathandiza pang'ono, koma dzuwa limakhala litadutsa kale galasi.

Apa pali mkangano umene aliyense wokhala m'vani amaudziwa: sola ikufuna dzuwa, inu mukufuna mthunzi, ndipo firiji imadya batire kwambiri tsiku lomwelo limene kwatentha. Ine ndinaugamula pogula sola yopinda yokhala ndi waya wautali. Vani imakhala pansi pa mtengo, sola ili apo padzuwa. Ngati ndalama zikulola chinthu chimodzi chokha musananyamuke, chikhale fani ya padenga yokoka mpweya kutulutsa kunja. Mukatsegula pang'ono windo la kufupi ndi bedi, mpweya wozizira wa usiku umadutsa pathupi panu. Fani yongozunguza mpweya womwewo m'vani yotseka ndi yongokunyengani. Pa mawindo ikani neti, apo ayi tizilombo toluma ta ku Wales tikuphunzitsani kuti udzudzu wa kwathu uli ndi ulemu, umayamba waimba. Kuphika kuchitikire panja. Ndipo pemphani alamu chitenje chimodzi chakale: chinyowetseni, chifinyeni, fundani fani ikuwomba. Ndi nzeru yomwe ija ya mtsuko woziziritsa madzi pakhonde, ndipo imagwira bwino mpweya ukakhala wouma.

Za malo ogona ndingodutsapo. Ku England ndi Wales simugona paliponse popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo ufulu woyenda m'tchire wa ku Scotland sukhudza galimoto. Masiku otentha kwambiri lipirani pa kampu yokhala ndi mitengo, mpope ndi bafa. Si nthawi youmira.

Chida chachikulu chimene muli nacho, choposa fani ndi chitenje, ndi kiyi wa galimoto. Nyumba yanu ili ndi matayala. Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndipo inu mukudziwa kale zimenezi ngati munachokapo m'tauni ya Zomba thukuta lili kamukamu n'kukafuna juzi pamwamba pa phiri. Vuto la Wales ndi lakuti mapiri ake ndi aafupi, lalitali kwambiri ndi Yr Wyddfa la mamita 1,085, ndipo njira zambiri za njinga zili m'munsi. Kumeneko pothawira ndi kugombe la nyanja, komwe kamphepo kamawomba. Ku France n'kosiyana. M'mapiri a Alps, tauni ya Morzine ili pa mamita pafupifupi 1,000, Les Gets pamwamba pang'ono, Avoriaz pa 1,800. Chigwa chikamapsa, kumtunda usiku mumafunda bulangete. Komanso kumeneko makina okweza anthu otsetsereka pa chipale amanyamula njinga m'chilimwe, ndiye chitunda chachikulu simuchikwera ndi miyendo. Ine ndikadakhala inu, ndikadasiya ndondomeko yolemba tsiku ndi tsiku, n'kumayang'ana zanyengo madzulo alionse. Kukalengezedwa kutentha, kwerani. Kungoti kumapiri aatali mabingu amakonda masana, choncho pofika 2 kapena 3 koloko mukhale mutatsika pamitunda yopanda mitengo.

Kutchova kwenikweniko: dzukani 4:30, 5 koloko muli panjinga, 10 koloko mwabwerako. Zikumveka ngati chilango pa tchuthi, koma nkhalango ya Coed y Brenin m'mamawa, nkhungu ikadali pa mtsinje wa Mawddach ndipo njira yonse ili yanu, ndi chinthu chimene ndimachilakalaka nyengo yozizira yonse. Masana gonani pamthunzi kunja kwa vani. Masiku anayi kapena asanu oyamba chepetsani mtunda kuti thupi liyambirenso maphunziro aja. Samalani kwambiri pokwera chitunda, chifukwa liwiro limakhala lochepa, mphepo palibe, ndipo thupi likupanga moto wake womwe. Chisoti chotseka nkhope yonse chivuleni pokwera, muchivale potsika.

Madzi. Munthu wotchova mwamphamvu kotentha amatha kutaya lita imodzi kapena kuposa pa ola, ndipo thukuta limapita ndi mchere. Kumwa madzi okhaokha ambirimbiri kwa maola ochuluka kumasungunula mchere wa m'magazi, ndipo nakonso n'koopsa. Mukukumbukira Thanzi uja ankatimwetsa tikatsegula m'mimba? Nzeru yake ndi yomweyo. Mutha kugula timapaketi ku famase, kapena kupanga nokha: lita imodzi ya madzi, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Botolo limodzi la zimenezi, ena a madzi wamba, ndi mtedza wothira mchere m'thumba. Mkodzo ukamatuluka wochepa ndi wakuda ngati tiyi, mwatsalira kale. Mowa wa madzulo uchepe, ngakhale ndikudziwa kuti apa ndikulankhula ndi khoma.

Mukamva chizungulire, mutu, nseru, kukokana kwa minofu kapena tsembwe ngati langa lija, imani pomwepo. Pamthunzi, vulani zotchinga, thirani madzi m'khosi ndi m'khwapa, imwani pang'onopang'ono. A NHS, azaumoyo a boma ku Britain, amati munthu akapanda kupeza bwino patatha mphindi 30 akuziziritsidwa, pafunika thandizo lachipatala. Koma wina akayamba kubwebweta, kudzandira, kusadziwa komwe ali kapena kukomoka, musadikire mphindi zimenezo. Imbani 999, kapena 112 ku France, ndipo muziziritseni ndi madzi alionse amene alipo pamene thandizo likubwera. Mukakhala kutchire ku Britain mumapempha apolisi, kenako opulumutsa anthu m'mapiri. Choopsa cha matenda obwera ndi kutenthawa n'chakuti amayamba ndi kuwononga nzeru zomwezo zimene mukanadziwira kuti mwadwala. N'chifukwa chake kuyenda nokha sindikukondwera nako. Ngati palibe mnzanu, tumizani kwa alamu dzina la njira ndi nthawi yobwerera, chifukwa m'zigwa zambiri za ku Wales netiweki kulibe. Ndipo mukaona dziwe, musadumphiremo ndi thupi lotentha. Madzi a kuno amakhalabe ozizira ngakhale kunja kukupsa, amabanikitsa munthu mwadzidzidzi, ndipo chilimwe chilichonse amatenga anthu odziwa kusambira. Lowani pang'onopang'ono, kuyambira miyendo.

Njinga nayo imamva dzuwa, koma zake n'zosavuta. Mankhwala omata zibowo m'matayala opanda chubu amauma msanga, ndiye onjezerani musananyamuke. Mpweya wa m'matayala muziyeza m'mawa uliwonse. Tcheni muzipaka mafuta a nyengo youma, chifukwa onata aja amatola fumbi n'kukhala ngati phala la mchenga. Kumapiri a ku France mabuleki ndi amene amavutika: mukawagwirira njira yonse amatentha mpaka chogwirira chimafewa, ndiye gwirani mwamphamvu, siyani, gwiraninso, ndipo nyamulani mapadi a mabuleki apadera. Ngati njinga yanu ndi yamagetsi, batire lake lisatsale m'vani yotseka masana, chimodzimodzi timabotolo ta gasi.

Chotsala ndi moto. Mu Julayi 2022 womwewo nkhalango za ku Gironde, dera la ku France, zinapsa mahekitala oposa 20,000, ndipo kummwera kwa France, m'madera ngati Var ndi Bouches-du-Rhône, boma limatseka nkhalango masiku amene chiopsezo chakwera, ndi apanjinga omwe. Mapu ake amatuluka madzulo alionse pa intaneti, muziyang'ana musanayende ulendo wautali pachabe. Vani musaimike pa udzu wautali wouma injini ikadali yotentha, ndipo mbaula yowotchera nyama isiyeni ku Leicester.

Alamu auzeni kuti mwamva, muwaonetse fani ya padenga itaikidwa, ndipo muwalonjeze kuti usiku umene vani yakana kuzizira mudzalipira chipinda. Ine ndachitapo kawiri. Munditumizire chithunzi cha denga la vaniyo ndione ngati pali malo oboola pakati pa mizere yachitsulo ija, chifukwa pa yanga ndinayeza molakwika ndipo chigamba chake chikuonekabe.